Kodi magalasi a VR angakusankhitse chinthu chimene sukanasankha?

Funso: Ndimagwira ntchito ku Johannesburg. Mwezi watha kampani ina yogulitsa nyumba zimene sizinamangidwe inandiveka magalasi a virtual reality (VR), oonetsa malo opangidwa pakompyuta ngati uli momwemo. Ndinayenda m'nyumba yonse, kukhitchini, kuchipinda mpaka pakhonde, ndipo nditavula ndinangotsala pang'ono kulipira dipoziti pompo, chonsecho ndinapita kukangoona. Mkazi wanga akuti andinyengerera ndi zidole. Ine ndikuti ndinkadziwa bwino lomwe kuti si nyumba yeniyeni. Kodi zipangizo zimenezi zimasinthadi mmene munthu amasankhira zinthu, kapena vuto ndi ine ndekha?

Yankho: Bambo, simuli nokha, ndipo mayi akunyumbawo ali ndi mfundo. Nanunso simukunama, munkadziwadi kuti nyumbayo kulibe. Kungoti kudziwa kumeneko sikuteteza munthu monga mmene ambirife timaganizira. Akatswiri akhala akufufuza nkhaniyi kwa zaka zoposa 20, ndipo chimene chimapezeka mobwerezabwereza n'chakuti mutu umadziwa kuti n'zopanga koma thupi limazilandira ngati zenizeni. Pa zosankha zambiri thupi ndi limene limayamba kulankhula, mutu umabwera pambuyo kudzaperekera zifukwa.

Chimene chimasiyanitsa magalasi amenewa ndi TV si kukongola kwa zithunzi ayi. Ndi chakuti mukatembenuza mutu, zimene mukuona zimasintha nthawi yomweyo, mukawerama mumaona kunsi kwa tebulo, mukasendera kukhoma nalo limayandikira. Chibadwireni ubongo wanu umatsimikiza kuti muli pamalo penapake kudzera m'njira imeneyi, ndiye makina akaitsanzira bwino popanda kuchedwa, ubongo ulibe pokanira. N'chifukwa chake opanga magalasi amalimbana kuti nthawi ya pakati pa kutembenuka kwa mutu ndi kusintha kwa chithunzi isapitirire mamilisekondi 20 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000). Mel Slater, amene wafufuza zimenezi kwa nthawi yaitali ku University College London kenako ku Barcelona, amati pali zonyenga ziwiri zimene zimagwira munthu: kumva kuti uli pamalopo, ndi kumva kuti zimene zikuchitikazo zikuchitikadi. Iye amanenetsa kuti palibe munthu wamkulu amene amakhulupirira ndi mutu wake kuti wasamuka. Amangopezeka akuchita zinthu ngati wasamuka.

Umboni wosavuta kumva unachokera ku University of North Carolina mu 2002. Anthu ankavala magalasi n'kulowa m'chipinda chimene pakati pake panalibe pansi, panali dzenje lakuya pafupifupi mamita 6, m'mbali mwake muli kanjira kopapatiza. Onse ankadziwa kuti aima pansi pa labotale. Komabe mtima unkagunda mofulumira, ndipo ofufuzawo atayala kathabwa kenikeni kuti zala za kumapazi zizimva mphepete mwa dzenjelo, kugundako kunakwera kuposa pamenepo. Aliyense amene anawolokapo mtsinje wodzaza pa ulalo wa mtengo umodzi akudziwa zimenezi: mtengo womwewo utagonekedwa pabwalo mungayendepo mukuimba nyimbo, koma madzi akamakokoma pansi miyendo imakana, ngakhale mutu ukunena kuti mtengowo ndi wolimba.

Mwina munganene kuti mantha a dzenje ndi nkhani ina, kusankha ndi nkhani ina. Ndiye tione kumene mantha ndi chifundo zinalowerera pa chisankho chenicheni. Mu 1961, Stanley Milgram wa ku Yale anachita kafukufuku wotchuka uja wouza anthu kuti azilanga mnzawo ndi magetsi akalakwa funso. Wolangidwayo ankangochita sewero, koma olangawo sankadziwa, ndipo 26 mwa anthu 40 anamvera mpaka pa mavoti 450. Masiku ano palibe yunivesite ingalole kafukufuku wotere chifukwa anazunza maganizo a anthu. Slater ndi anzake anaubwereza mu 2006, koma wolangidwayo anali mayi wopangidwa pakompyuta, wooneka bwino lomwe kuti ndi chojambula. Panalibe chobisa chilichonse. Anthu 11 ankalankhula naye kudzera m'mawu olembedwa okha, ndipo onsewo anapereka zilango zonse 20. Anthu 23 ankamuona ndi kumumva akudandaula, akupempha kuti asiye. Mwa amenewa, 6 anasiyira panjira. Amene anapitirizawo thukuta linkatuluka m'manja, mtima unkathamanga, ena ankamudikira nthawi yotalikirapo kuti mwina ayankha bwino, ena ankabwereza funso mokweza mawu ngati akufuna kumuthandiza. Kuthandiza ndani? Chithunzi. Ndipo akanafunsidwa akanayankha monga mwayankhira inu, kuti ankadziwa.

Pa kafukufuku ameneyu pali mbali ina imene anthu sakonda kuitchula. Anthu 17 mwa 23 aja anafika mpaka kumapeto. Ndiye kuti kudziwa kuti n'zopanga kunagwirabe ntchito yake, kunawalimbitsa mtima kuti apitirize ngakhale thupi likuvutika. Munthu wovala magalasi amakokedwa mbali ziwiri. Thupi likuti zikuchitikadi, mutu ukuti palibe chimene chionongeke. Chisankho chimene chimatuluka pamenepo sichifanana ndi cha munthu amene akuwerenga pepala, komanso sichifanana kwenikweni ndi cha munthu amene ali pa zenizeni.

Zimenezi zimaoneka bwino pa funso lakale la akatswiri a filosofi limene Philippa Foot anayambitsa mu 1967. Sitima yaduka mabuleki ndipo ikupita kukagunda anthu asanu, koma mukhoza kuipatutsira ku njanji ina kumene kuli munthu mmodzi. Muipatutsa? Anthu ambiri papepala amati eya. Mu 2012, Carlos Navarrete wa ku Michigan State University anaika anthu 147 pamalo otere m'magalasi, akumva kukuwa kwa anthuwo, ndipo 133 anapatutsa. Apa zolemba ndi zochita zinagwirizana. Koma funsoli lili ndi mng'ono wake wovuta, amene Judith Jarvis Thomson anawonjezera: palibe njanji yopatutsira, mwaima pa mlatho pamwamba pa njanji, ndipo njira yokhayo yopulumutsira asanuwo ndi kukankhira pansi munthu wonenepa amene waima patsogolo panu. Masamu ake ndi omwewo, mmodzi m'malo mwa asanu, koma papepala anthu ochuluka amakana. Kathryn Francis ndi anzake ku Plymouth anayesa zimenezi m'magalasi mu 2016. Ambirife tikanaganiza kuti kumuona munthuyo pafupi kuchititsa anthu kukana kwambiri. Zinatembenuka. Pafupifupi 7 mwa anthu 10 alionse anamukankha, mtima ukugunda, pamene mwa owerenga papepala amene anavomera anali ochepa zedi.

Akatswiri amatsutsanabe za tanthauzo lake. Ena amati m'magalasi umawaona anthu asanuwo ndi maso, sitima ikubwera, nthawi ikutha, ndiye dzanja limachita lisanafunse kwa chikumbumtima. Ena amati anthuwo ankangosewera ngati gemu, podziwa kuti palibe amene afe ndipo palibe wapolisi abwere. Ine ndimaona kuti zonse ziwiri zilimo, ndipo sindikhulupirira munthu amene amati magalasi amaulula khalidwe lenileni la munthu. Chimene amaonetsa n'chakuti kuweruza nkhani utakhala pampando ndi kuchita uli mkati mwake ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo magalasi amamuchotsa munthu pa yoyambayo n'kumuponya pa yachiwiri.

Okonda mpira amvetsa msanga chitsanzo ichi. Mu 2013 gulu la Slater linatenga amuna 40 ochemerera Arsenal n'kuwalowetsa mmodzimmodzi mu bala ya pakompyuta. Mwamuna wina wopangidwa ankabwera kudzacheza nawo za mpira. Kwa ena ankabwera atavala jezi ya Arsenal ndipo ankaikonda timuyo, kwa ena ankavala malaya ofiira wamba. Kenako munthu wina ankadzayambana naye mpaka kuyamba kumukankhakankha. Wovutitsidwayo akakhala wa Arsenal, anthu ankalowerera kwambiri, ena mpaka kuyesa kuima pakati kuti aleretse. Jezi yokha, yojambulidwa ndi munthu wa kompyuta, inasintha chisankho choti ndilowerere kapena ndingoonerera. Apa ndi pamene pagona nkhani yanu, Bambo. M'dziko la m'magalasi mulibe chinthu chimene chinangopezekamo chokha. Chilichonse, kuyambira mtundu wa malaya mpaka mbali imene dzuwa likulowera, pali wina anachisankha.

Amasankhanso thupi limene mulowe nalo. Mu 2007 Nick Yee ndi Jeremy Bailenson a ku Stanford anapatsa anthu matupi a pakompyuta osiyana msinkhu, ena aatali, ena aafupi, n'kuwauza kuti agawane madola 100 ndi munthu wina. Opatsidwa thupi lalitali ankadzigawira zambiri, ndipo opatsidwa lalifupi ankavomera kugawiridwa mopanda chilungamo pafupifupi kawiri kuposa anzawo. Msinkhu wawo weniweni sunali nkhani. Mu 2011 Hal Hershfield anaonetsa achinyamata nkhope zawo pa kalilole wa m'dziko la VR, ena monga alili, ena atakalambitsidwa ngati a zaka za m'ma 70. Atawafunsa mmene angagawire madola 1,000, oona nkhope yaukalamba anaika pafupifupi madola 172 ku penshoni, pamene enawo anaika madola 80. Ndalamazo zinali zongoyerekeza, ndipo anthuwo anali ophunzira ochepa, choncho tisathamangire kunena kuti magalasi athetsa vuto losasunga ndalama. Koma njira yake ikuoneka: chinthu chimene chinali kutali, chongoganizira, chikaima pamaso pako chimayamba kulemera pa sikelo. Ku Catalonia, m'dziko la Spain, anafika poyesa zimenezi pa amuna olakwa milandu ya nkhanza za m'banja. Anawaveka thupi la mayi, mwamuna wa pakompyuta n'kumawakalipira akuwayandikira, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2018 zinasonyeza kuti pambuyo pake ankatha kuzindikira bwinoko mantha pankhope ya mkazi.

Mabungwe opempha thandizo anaona msanga mphamvu imeneyi. Cha m'ma 2015 kunabuka chikhulupiriro choti VR ndi makina opangira chifundo, ndipo bungwe la United Nations linayamba kuonetsa anthu olemera moyo wa mumsasa wa othawa nkhondo wa Za'atari ku Jordan kudzera m'magalasi. Umboni wina ulipo. Ku Stanford, Fernanda Herrera ndi anzake mu 2018 anaika anthu m'moyo wa munthu amene wachotsedwa ntchito, akugulitsa katundu kuti alipire lendi, mapeto ake akugona m'galimoto ndi m'basi. Pa gawo lina la kafukufukuyo, 85 mwa 100 alionse amene anadutsa m'magalasi anasaina chikalata chopempha nyumba zotsika mtengo, pamene mwa amene anangowerenga nkhaniyo anasaina 63. Koma mu 2021 Alison Jane Martingano, pamodzi ndi Herrera yemweyo ndi Sara Konrath, anasonkhanitsa kafukufuku 43 ndipo anapeza kuti VR imadzutsadi chisoni mumtima, koma siwonjezera luso lomvetsa mmene mnzako akuganizira. Luso limenelo limafuna kuti ubongo ugwire ntchito yodziyerekezera wokha, ndipo magalasi amakugwirira ntchitoyo. Mtima umatentha, kumvetsa kumatsala pomwe kunali. Munthu wotere amasaina msanga.

Tsopano tibwere kunyumba kwanu kuja. Pali zinthu zingapo zodziwika zimene zikugwirizana ndi zimene zinakuchitikirani. Choyamba n'chakuti munthu amakweza mtengo wa chinthu chimene akumva kuti ndi chake. Daniel Kahneman, Jack Knetsch ndi Richard Thaler anasonyeza zimenezi mu 1990 ndi makapu wamba: ophunzira amene anapatsidwa kapu ankafuna pafupifupi kawiri ndalama zimene anzawo opanda kapu ankalolera kulipira. Pambuyo pake Joann Peck ndi Suzanne Shu anapeza kuti kungogwira chinthu, ngakhale kungodziyerekeza kuti ndi chako, kumayambitsa kale mtima waumwini. Wogulitsa galimoto amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amakupatsani kiyi kuti muzungulire nayo. Nyumba yosamangidwa inalibe kiyi wotere mpaka magalasi atabwera. Inu munaima m'khitchini, mwina munaona kale pamene firiji idzakhale ndi chipinda chimene ana adzagone. Potuluka mmenemo funso silinalinso lakuti ndigule kapena ayi. Linasanduka lakuti ndilole kuti wina anditengere nyumba yanga? Ndipo ngati wogulitsayo anawonjezera kuti zatsala zochepa, ndiye kuti anamenya pachilonda pomwepo.

Chinanso ndi chidwi. Ubongo uli ndi malire pa zimene ungasamale nthawi imodzi, ndipo magalasi amadya gawo lalikulu. Ku University of Washington, Hunter Hoffman ndi David Patterson anagwiritsa ntchito mfundo imeneyi kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pothandiza odwala opsa ndi moto: ankawalowetsa m'dziko la chipale chofewa pamene anamwino akutsuka zilonda, ndipo ululu unkachepa. Ngati chipangizo chingathe kuchotsa maganizo a munthu pa chilonda cha moto, kuchotsa maganizo anu pa chiwongoladzanja cha ngongole ya zaka 20 si ntchito. Ngakhale pa maphunziro zimachitika. Guido Makransky wa ku Copenhagen anapeza mu 2019 kuti ophunzira amene anachita phunziro la sayansi m'magalasi ankamva kwambiri kuti ali mu labotale, koma anatolapo zochepa poyerekeza ndi amene anachita phunziro lomwelo pa kompyuta wamba. Nthawi nayo imathawa. Ku University of California, Santa Cruz, mu 2021, anthu anauzidwa kuti asiye gemu akaona kuti mphindi 5 zakwana, ndipo amene anayambira m'magalasi anapitirira ndi nthawi yoposa mphindi imodzi poyerekeza ndi amene anayambira pa sikirini.

Za kukula kwa zipinda musadalire maso a m'magalasi. Kafukufuku wambiri wasonyeza kuti anthu amaona mtunda wa mu VR ngati waufupi kuposa mmene ulili, pa zipangizo zakale pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mtunda weniweni, ngakhale zatsopano zachepetsako vutoli. Zimenezi pazokha sizikomera wogulitsa. Koma iye ali ndi zida zake: akhoza kutsitsa pamene maso anu ali kuti denga lioneke lalitali, kuika bedi ndi mipando yocheperako, kuwalitsa chipinda chilichonse ngati dzuwa limalowa mbali zonse. Sindikunena kuti kampani imene munapitako inachita zimenezi. Ndikunena kuti inu munalibe njira yodziwira. Ndiye pali zimene sizilowamo n'komwe: phokoso la msewu waukulu, fumbi, nyumba ina imene idzamangidwe kutsogolo kwa khonde lanu, ulendo wa m'mawa wopita kuntchito, levy, ndalama zosamalira malo zimene eni nyumba amalipira mwezi ndi mwezi. Pa pulani ya papepala zinthu zimenezi sizionekanso, koma pepala silikunamizani kuti mwaona zonse. Limakusiyani ndi mafunso. Magalasi amakusiyani ndi mtima woti ndafikako, ndadzionera ndekha, ndipo munthu amene wadzionera yekha safunsanso zambiri.

Dziwaninso kuti pamene inu mukuona nyumba, chipangizocho chikhoza kumakuonani. Kuti chigwire ntchito chimayenera kudziwa kumene mutu ndi manja anu ali kambirimbiri pa sekondi iliyonse, ndipo zina zimatsatira ngakhale maso. Ofufuza a ku University of California, Berkeley anasonyeza mu 2023 kuti pa anthu oposa 55,000 osewera gemu ina, kompyuta inkatha kuzindikira munthu molondola maulendo 94 pa 100 alionse pongoona kayendedwe ka mutu ndi manja kwa masekondi 100. Wogulitsa amene wasunga zinthu zotere angadziwe chipinda chimene munachedwamo ndi chinthu chimene munabwerera kukachionanso. Ngakhale popanda zonsezo, nthawi zambiri amakhala akuona pa sikirini zimene inu mukuona. Mukamavula, iye wadziwa kale pokugwirani.

Malangizo anga ndi achidule. Musasaine kapena kulipira kalikonse tsiku limene mwavala magalasi. Zambiri mwa zimene ofufuza apeza zinayezedwa munthu atangovula kumene, ndipo pamene mtima uli wotentha kwambiri ndi pomwepo, choncho kugona kaye masiku angapo ndi mankhwala otsika mtengo. Pemphani pulani yokhala ndi miyeso, mutenge tepi, muyeze pansi kunyumba kumene mukukhala kuti muone chipinda cha mamita 3 mbali zonse mmene chimakhalira bedi likalowa. Pitani pamalo enieniwo m'mawa wa tsiku la ntchito komanso usiku. Mupite ndi mayiwo, ndipo ndi bwino kuti mmodzi wa inu asavale magalasi, azingowerenga mapepala. Ku South Africa womanga nyumba zatsopano amayenera kukhala wolembetsedwa ku NHBRC, bungwe loyang'anira omanga nyumba, ndipo nyumbayo imayenera kulembetsedwanso isanayambe kumangidwa, choncho funsani umboni wake. Dipoziti ipite ku trust account (akaunti yapadera yosungira ndalama za makasitomala) ya loya woona za kusamutsa umwini kapena ya estate agent wovomerezeka, osati m'thumba la womanga. Ndipo musadalire zoti mukasintha maganizo mudzabweza. Lamulo la Alienation of Land Act limapereka masiku 5 osinthira maganizo pa nyumba za mtengo wosapitirira R250,000 zokha, ndipo nyumba yatsopano ya mtengo umenewo ku Johannesburg njosowa.

Musatenge zonsezi ngati kuti chipangizochi n'choipa. Mphamvu yomweyo yolankhula ndi thupi mutu usanalowerere ndi imene imachipanga kukhala chothandiza pa zosankha za mtundu wina, zimene zimafuna kuti munthu achite msanga ndiponso molondola ali ndi mantha. Oyendetsa ndege anazindikira zimenezi kalekale. Edwin Link anapanga makina ake ophunzitsira mu 1929, magalasi oyamba a Ivan Sutherland a 1968 asanaganiziridwe n'komwe, ndipo lero woyendetsa ndege ya anthu amayeserera kuzima kwa injini kambirimbiri ali pansi kuti tsiku limene zidzachitikedi manja adzadziwe chochita. Pa ntchito zotere, mantha amene magalasi amadzutsa ndi gawo la phunziro, chifukwa munthu amene anaphunzira kuzimitsa moto pa bolodi yekha sanayesedwepo mtima ukugunda.

Kuchipatala umboni wake ndi wolimba ndithu. Ku Yale mu 2002, madokotala 16 ophunzira opaleshoni anagawidwa pawiri, ena n'kuphunzira pa makina oyeserera. Pochotsa ndulu pa odwala enieni, ophunzira pa makinawo anagwira ntchito mofulumira ndi 29 peresenti, ndipo enawo ankalakwitsa kuwirikiza kasanu ndi kamodzi. Chochititsa chidwi n'chakuti makina amenewo analibe magalasi ovala kumaso. Anali sikirini ndi zitsulo zogwira m'manja zofanana ndi za m'chipinda cha opaleshoni. Chimene chinawaphunzitsa si kumizidwa m'dziko lina, koma kubwereza ntchito yeniyeniyo ndi manja, makina akuwauza pamene alakwitsa. Kampani ikamagula magalasi ophunzitsira antchito, funso loyenera kufunsa ndi limenelo: kodi chimene munthu akuyeserera mmenemu ndi chimene adzachitedi pantchito, ndipo pali chomuuza akaphonya? Ngati palibe, agula chisangalalo chabe.

Kwathu kuno chitsanzo chilipo. Malawi ndi Zambia ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri padziko lonse, ndipo madokotala odziwa opaleshoni yaikulu yochotsa chiberekero chokhala ndi khansa ndi ochepa. Gulu la Eric Bing wa ku Southern Methodist University ku Dallas ndi Groesbeck Parham, amene wagwira ntchito zaka zambiri ku Lusaka, linapanga chipinda cha opaleshoni cha m'magalasi chofanana ndi cha ku Zambia, pogwiritsa ntchito magalasi a Oculus Rift ndi zipangizo wamba za magemu kuti mtengo utsike. Zotsatira zoyamba zimene anafalitsa mu 2019 zinasonyeza kuti ophunzira a ku Lusaka, akamabwereza, ankamaliza mofulumira ndipo manja awo ankasiya kuyendayenda mosafunika. Makinawo amaphunzitsa ndondomeko ya opaleshoni ndi kumene chiwalo chilichonse chili, kuti wophunzira akafika pa wodwala asamayambire pa ziro. Kuona ngati mayi uyu akufunikadi opaleshoni kapena matenda apitirira, ndi zochita magazi akayamba kutuluka mosayembekezereka, amakaphunzirabe m'chipinda chenicheni ataima pambali pa dokotala wamkulu.